Moto wa m'Thupi ndi Fumbi la ku Katondo

Ana inu, pamene muthamanga pa bwalo la sukulu, kodi mphamvu ichokera kuti? Thupi lanu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'kati mwake muli timafuwa, dzina lake mitokondiriya, m'mene shuga wochokera ku nsima apsa ndi mpweya wa okosijeni, nabala mphamvu. Moto wake ulibe utsi.

Njira zimene chakudya chitsata m'selo nzambiri, palibe angazisunge pamtima. Motero katswiri Bernhard Palsson, mbadwa ya ku Iceland wophunzitsa ku San Diego, anazilemba m'masamu pa kompyuta. Mu 2007 gulu lake linasindikiza mapu a masinthidwe oposa 3,000 a m'thupi la munthu. Pa mapu otere mutha kutseka njira imodzi, nkuona chimene chifooka.

Ku Katondo njirayo itsekeka m'thupi lenileni. Mgodi wa Kabwe unaleka ntchito mu 1994, koma mtovu ukadali m'dothi. Ukalowa m'thupi ulepheretsa kupangidwa kwa chofiiritsa magazi, chonyamula okosijeni. Mwana afooka, navutika kugwira maphunziro. Sambani m'manja musanadye. Aphunzitsi, wazani madzi pansi ana asanasese.