Phindu la wogulitsa zipangizo zachipatala lili m'kabotolo

Mukaona mnyamata kapena mtsikana watchena ali pabenchi la odwala pa kiliniki ina ku Limbe kapena ku Area 25, chikwama chili pamiyendo, musafulumire kuganiza kuti wadwala. Ena mwa iwo akudikira kuti adokotala apeze mpata, awaonetse katundu. Awa ndi otsatsa malonda a makampani ogulitsa zipangizo zachipatala: makina oyezera BP, toyezera shuga, toyezera kutentha kwa thupi, mpaka makina a mu labotale.

Sakuwa ngati ife a mumsika, koma mavuto awo ndi omwewo: mpamba, ngongole ndi katundu wokhalitsa pashelefu.

Chimene chidandichititsa chidwi ndi ntchitoyi ndi kachipangizo koyezera shuga komwe ndidagulira mayi anga aang'ono chaka chatha. Kanali kotchipa, ndipo ndidanyadira kuti ndachita mwayi. Timapepala take toyezera, tija amati ma strip, titatha, ndidazungulira mafamase tsiku lonse osatipeza. Kachipangizoko kali m'kabati mpaka lero.

Apa ndi pomwe pagona malondawa. Ma strip a Accu-Chek salowa m'kachipangizo ka mtundu wina, ndipo nthawi zambiri ngakhale a kampani imodzi amasiyana malinga ndi mtundu wa makina. Kabotolo kamodzi kamakhala ndi ma strip 25 kapena 50. Wodwala shuga amene amadziyeza kawiri patsiku amamaliza kabotolo ka 50 m'masiku 25. Ndiye kuti makina amagula kamodzi, koma kabotolo amagula pafupifupi mwezi uliwonse. N'chifukwa chake makampani ena salimbana ndi kupindula pa makinawo: amatsitsa mtengo, pena kupereka ulere kukiliniki, podziwa kuti ndalama ibwera ndi ma strip. Makina a mu labotale nawonso ndi chimodzimodzi, amadya mankhwala oyezera a kampani yomwe idawapanga.

Choncho wotsatsa wanzeru sathamangira kugulitsa lero n'kusowa. Amalemba tsiku lomwe kiliniki yatenga katundu, n'kuwerengera lomwe atheretu, ndipo amaimba foni sabata imodzi zisanathe. Amaphunzitsanso anamwino kagwiritsidwe ntchito kake. Mwachitsanzo, lamba wa makina a BP akachepa pamkono wa munthu wonenepa, makina amaonetsa BP yokwera kuposa mmene ilili. Wogulitsa wosadziwa izi amabwezeredwa katundu wabwinobwino, akumuuza kuti ndi wabodza.

Nkhani ya malipiro ndiyo imawawa. Ambiri amalandira kamalipiro kochepa kuphatikiza komishoni, ndipo m'makampani ena komishoniyo imatuluka kasitomala akalipira, osati katundu akangoperekedwa. Mafamase ndi makiliniki amakonda kutenga pangongole ya masiku 30. Zipatala za boma zimapeza katundu wambiri kudzera ku Central Medical Stores Trust, ndipo wofuna kugulitsa kuboma ayenera kulembetsa ku bungwe la PPDA n'kupikisana nawo pamatenda. Oda yake imakhala yaikulu, koma njira yake ndi yaitali, si ya munthu wa mpamba wochepa. Ongoyamba kumene amadalira makiliniki a anthu wamba, mafamase ndi zipatala za mishoni za pansi pa CHAM.

Ngongole pa katundu woitanitsa kunja ili ndi msampha wake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene adapereka katundu pangongole pamtengo wakale adalandira ndalama yosakwana kupikulira katundu yemweyo. Wamalonda aliyense wa ku Kanengo kapena ku Mataifa akukumbukira mwezi umenewo.

Nanga venda wamba angalowemo? Ena adayesa mu 2020, nthawi ya Covid-19, pomwe tizipangizo toyezera kutentha pamphumi tidali pakhomo la sitolo, sukulu ndi tchalitchi chilichonse. Mliri utazilala, otsala nato adasowa kotigulitsa. Ineyo sindingalangize munthu kuika mpamba wake wonse pa katundu woyenda ndi mantha a anthu.

Komanso awa si malonda oyala pathebulo padzuwa. Ma strip amakhala ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo ambiri amafuna malo ouma, osapitirira madigiri 30 kapena pafupi pamenepo, monga kwalembedwera pabokosi. Kutentha kwa October ku Nchalo kungathe kuononga katoni yonse, ndipo strip yoonongeka imapereka nambala yolakwika kwa munthu amene akuyezera kuti adziwe mlingo wa insulin woti adzibaye. Bungwe loyang'anira mankhwala ndi katundu wachipatala la PMRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndilo loyamba kulifunsa za chiphaso musanagule ngakhale katoni imodzi.

Khomo lapafupi kwa wachinyamata wodziwa kutsatsa ndi kuyamba pansi pa kampani yomwe ili kale ndi ziphaso. Musanavomere ntchitoyo funsani kuti komishoni imalipidwa liti, thiransipoti ndi mayunitsi alipira ndani, komanso katundu akatha mphamvu ali m'manja mwanu adula pamalipiro a yani. Mayankho ake alembedwe papepala, musayinirane.