Mavidiyo Aafupi Ophunzitsa za Kuthambo

Mphunzitsi wa sayansi ya zakuthambo sangabweretse nyenyezi m'kalasi, ndipo zambiri zimene amafotokoza zimachitika pang'onopang'ono kwambiri moti munthu angakalambe asanaone kusintha kulikonse. N'chifukwa chake akatswiri anayamba kukonza podcast ya vidiyo, yomwe ndi pulogalamu yotuluka chigawochigawo pa intaneti, imene munthu amaionera pa foni kapena pa kompyuta pa nthawi imene wapeza mpata.

Imodzi mwa mapulogalamu odziwika ndi Hubblecast, yomwe inayamba mu 2007 ku Garching, m'dziko la Germany, pofuna kufotokozera anthu wamba zimene telesikopu ya Hubble, makina oonera zakutali amene anatumizidwa m'mlengalenga mu 1990, ikutulukira. Woulutsa wake, Joe Liske, anali katswiri wofufuza zakuthambo, ndipo zigawo zambiri zinkangotenga mphindi zochepa, chilichonse n'kumatambasula nkhani imodzi basi.

Ntchito yovuta kwenikweni ili pa zithunzi, ngakhale kuti woonera saiganizira n'komwe. Makamera a Hubble sajambula mitundu monga imachitira foni, koma amajambula chinthu chimodzi kangapo, ulendo uliwonse kudzera m'galasi losefa kuwala kwa mtundu umodzi, kenako akatswiri amapatsa chithunzi chilichonse mtundu wake n'kuziphatikiza. Kuwombana kwa milalang'amba, magulu aakulu a nyenyezi mabiliyoni ambiri, kumatenga zaka mamiliyoni mazanamazana, koma pa vidiyo kumatha m'masekondi owerengeka chifukwa ndi kompyuta imene yayerekezera. Nawonso mapulaneti ozungulira nyenyezi zina, amene amaoneka ndi mitambo ndi mapiri, ndi zojambula za amisiri, popeza palibe telesikopu imene yawaonapo bwino chotero. Wokonza pulogalamu amene sauza woonera kuti ichi n'chojambulidwa ndi telesikopu, ichi n'chongoyerekezera, amasocheretsa wophunzira, ngakhale mawu onse a woulutsa atakhala oona.

Kukonza vidiyo yotere sikulira chuma chambiri, pakuti zithunzi ndi mavidiyo a Hubble ochokera ku bungwe la ku Ulaya loona zakuthambo la European Space Agency amaloledwa kugwiritsidwa ntchito kwaulere, bola mwini wake atchulidwe. Mphunzitsi amene ali ndi foni yojambula mawu bwino akhoza kuwatenga n'kuwafotokoza m'chinenero cha ophunzira ake.