Za Masewera a pa Kanema ndi Nthawi Yathu Yopuma

Atate ndi amai a m'mabanja mwathu, pali funso limene lalowa m'nyumba zambiri masiku ano, ndipo tiyesa kuti nkwabwino tilikambe pamodzi. Ndilo funso la masewera a pa kanema, amene ana athu awatcha magemu. Ena asewera pa foni ya atate wao. Ena apita ku kanyumba ka pa msika kumene munthu alipira ndalama pang'ono kuti amenye mpira wa pa kanema ndi mnzache. Ndipo akuru omwe, ngakhale sabvomera poyera, aseweranso. Tsono kholo lina linena kuti, "Zonsezi nzachabe, ziononga ana." Lina liti, "Alekeni, ndiyo nzeru ya makono." Ife tiganiza kuti onse awiri afulumira kugamula mlandu asanamve mboni. Tiyeni tizimve.

Kupuma ndi kofunika

Tiyambe ndi kunena kuti kusewera pa kokha si choipa. Thomas Aquinas woyera, mphunzitsi wamkuru wa Eklezia amene anamwalira m'chaka cha 1274, anaphunzitsa kuti monga thupi litopa ndi ntchito, momwemonso mtima utopa ndi maganizo, ndipo chopumitsa mtima wotopa ndicho kusekera ndi kusewera. Pofuna kumveketsa ichi anakumbutsa nkhani yakale ya Yohane woyera, mtumwi uja. Anthu ena anampeza alikusewera ndi ophunzira ache, nakhumudwa kuti munthu wolemekezeka chotere ataya nthawi. Iye anauza mmodzi wa iwo amene anali ndi uta kuti aponye mubvi, aponyenso wina, ndi winanso. Pamenepo anamfunsa ngati angathe kutero kosalekeza. Mwini uta anayankha kuti uta ungathyoke. Ndipo Yohane anawauza kuti mtima wa munthu uli chimodzimodzi ukapanda kumasulidwa.

Makolo athu anadziwa ichi osawerenga buku. Atatha kukolola, amuna anakhala pansi pa mtengo ndi bawo lao la maenje 32 ndi nkhomo 64. Atsikana anali ndi phada ndi fulaye, anyamata anakwapula nguli, ndipo mwezi ukawala ana onse a m'mudzi anali pabwalo. Koma taonani chinthu chimodzi: masewera onsewa anali ndi pothera pache. Bawo litha pamene wina wadyedwa nkhomo zache. Fulaye atha dzuwa likalowa, pakuti mpira suonekanso. Mvula yoyamba ikagwa, bawo liikidwa pambali ndipo khasu lituluka. Tisunge ichi mumtima, pakuti ndiwo muyeso umene tiyesera nao masewera atsopanowa.

Kumene anachokera

Masewera a pa kanema sanayambe dzulo. M'chaka cha 1958 William Higinbotham, katswiri wa sayansi ku America, anapanga kasewero ka anthu awiri omenyerana kampira pa galasi la makina oyesera magetsi, kuti akondweretse alendo odzaona malo ao a ntchito. Mu 1972 kampani ya Atari inatulutsa Pong, bokosi loimika m'malo ochezera, limene munthu anaponyamo ndalama yachitsulo kuti asewere. Mu 1984 Alexey Pajitnov wa ku Moscow anapanga Tetris, m'mene tizidutswa tigwa kuchokera kumwamba ndipo wosewera atisanja monga mmisiri asanja njerwa. Mu 1997 kampani ya Nokia inaika m'mafoni ache kanjoka kaja kotchedwa Snake, ndipo ambiri a ife tinayamba kudziwa masewerawa ndi iko.

Masewera oyambawa anafanana ndi bawo pa ichi, kuti ulendo uli wonse unali ndi mathero ache. Ndalama ikatha m'bokosi, kapena njoka ikadziluma, sewero linaima, ndipo wosewera analingalira yekha ngati ayambenso kapena apite.

Zabwino zache

Zabwino zilipo, ndipo sitizibisa. Mu 2003 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Rochester ku America, Shawn Green ndi Daphne Bavelier, anasonyeza kuti anthu ozolowera masewera a liwiro athwa maso: aona zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo azindikira msanga chimene chatulukira cha m'mbali. Ngakhale anthu amene sanali kusewera, atawaseweretsa ola limodzi pa tsiku kwa masiku 10, anasinthanso chomwecho. Mu 2011 osewera Foldit, sewero lopangidwa pa yunivesite ya Washington, anapeza m'masabata 3 mapangidwe a kachigawo ka kachirombo koyambitsa matenda onga Edzi mwa anyani, chinthu chimene chinakanika akatswiri zaka zoposa 10. Sewero la Minecraft, m'mene mwana amanga nyumba, milatho ndi minda, lilowa ndi m'sukulu momwe ku maiko ena. Ndipo mu 2020 bungwe loyang'anira mankhwala ku America linalola madokotala kulembera sewero lotchedwa EndeavorRx ana a zaka 8 kufikira 12 amene abvutika kukhazika maganizo pa chinthu chimodzi.

Komabe tisakuze zimenezi koposa muyeso. Wothwa maso pa kanema sakhala wodziwa masamu chifukwa cha icho, pakuti luso la sewero likhala kwambiri m'sewero momwemo. Phindu leni leni la masewerawa ndi lomwe lija la bawo, ndilo kupumitsa mtima ndi kuseka pamodzi ndi mnzako. Anyamata awiri amene aweruka ku munda, nakamenya mpira wa pa kanema mphindi zowerengeka, nabwera kwao akuseka, sanachimwe kanthu. Uta wao wamasulidwa, mawa udzaponya bwino.

Pamene pali choopsya

Choopsya chinadza pamene masewera analowa pa intaneti ndi m'mafoni. Masiku ano masewera ambiri a pa foni apatsidwa kwaulere, ndipo munthu wanzeru ayenera kufunsa kuti: nanga amene anawapanga, nalipira antchito ao, adya chiani? Adya nthawi ya wosewera. Wosewera akakhalitsa aona malonda ambiri olengezedwa pakati pa sewero, ndipo eni malondawo alipira. Akakhalitsanso ayamba kugula ndi ndalama zeni zeni zobvala, zida kapena mphamvu za m'seweromo. Chifukwa chache masewera otere apangidwa dala opanda pothera. Gawo likatha lina liyamba pomwepo. Wobwera tsiku ndi tsiku alandira mphoto, ndipo akajomba tsiku limodzi aitaya. Anzache a pa intaneti amdikira, iye nachita manyazi kuwasiya pakati. Akuru anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Palinso mabokosi a mwai, amene wosewera agula osadziwa chiri mkati. Kapena apeza chinthu cha mtengo, kapena chachabe, ndipo akapeza chachabe mtima umuuza kuti ayesenso. Mu 2018 bungwe loyang'anira njuga ku Belgium linagamula kuti mabokosi otere, ogulidwa ndi ndalama zeni zeni, ndiwo njuga, ndipo makampani ena anawachotsa m'dziko limenelo. Inu amene simungalole mwana wanu kukhala pa njuga ku msika, dziwani kuti njuga ikhoza kumtsata kufikira pa mphasa yache. Kwathu kuno mtengo wache uoneka msanga: bandulo yogulidwa kuti tilankhule ndi mbale wa kutali itha usiku umodzi, foni ipita kotchaja kawiri kawiri, ndipo ndalama ya chigayo kapena ya sopo isowa m'nyumba popanda wobvomera kuti waitenga.

Mu 2019 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, linalemba kumwerekera ndi masewerawa m'kaundula wache wa matenda. Linatchula zizindikiro zitatu: munthu alephera kudziletsa pa nthawi yoyamba ndi yoleka, aika sewero patsogolo pa zinthu zina zonse za moyo wache, ndipo apitirira ngakhale aona kuti zilikumuononga. Zimenezi ziyenera kuoneka kwa miyezi 12, ndi kubweretsa bvuto lalikuru pa banja, pa sukulu kapena pa ntchito, kuti zitchedwe nthenda. Bungwe lomwelo linanenanso kuti ogwidwa chotere ali owerengeka mwa osewera onse. Chotero tisathamangire kutcha mwana ali yense wosewera wodwala. Koma zizindikirozo tizidziwe.

Ndani adzati "basi"?

Popeza masewera ambiri alibe pothera, wina ayenera kuika malire. Maboma ena anayesa. Mu 2021 boma la China linalamula kuti ana osafika zaka 18 asewere pa intaneti ola limodzi lokha, kuyambira 8 kufikira 9 koloko madzulo, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Dziko la South Korea linaika lamulo mu 2011 loletsa ana osafika zaka 16 kusewera pa intaneti kuyambira pakati pa usiku kufikira 6 koloko mamawa. Koma mu 2021 linalichotsa, pakuti lamulolo silinagwire masewera a pa foni kumene ana ambiri anali atasamukira, ndipo linasiya m'manja mwa makolo kusankha maola a ana ao. Boma la mphamvu ndi la chuma linabwezera mlandu ku banja, kumene unayenera kukhala.

Malire opambana onse ndiwo amene munthu adziikira yekha. Carlo Acutis, mnyamata amene anabadwira ku London mu 1991 nakulira ku Milan, anali wokonda kompyuta ndi masewera a pa kanema monga anzache onse. Amai ache asimba kuti iye mwini anadziikira lamulo la kusewera ola limodzi pa sabata, popeza anaona kuti masewera akhoza kumanga munthu ukapolo. Anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 2006, ali ndi zaka 15, ndipo pa 7 September 2025 Papa Leo XIV anamuwerengera mwa oyera a Eklezia. Sitinena kuti mwana ali yense atsate ola limodzi lomwelo. Chimene titengapo ndi ichi: Carlo sanataye masewera ache, ndiponso sanalole kuti iwo amuuze nthawi yoleka.

Chochita m'nyumba mwathu

Tsono abale, tichite bwanji? Choyamba, nthawi yoleka ipanganidwe sewero lisanayambe, pakuti mwana amene ali pakati pa sewero samva, monga munthu wa pa bawo samva kuitana kwa nsima. Nenani poyera kuti, "Usewera kufikira mbuzi zilowe m'khola," kapena kufikira koloko yakuti, ndipo mau anu asasinthe chifukwa cha kulira.

Chachiwiri, sewero litsate ntchito. Madzi atungidwe, nkhuni zifike, ntchito ya ku sukulu ilembedwe, pamenepo foni iperekedwe. Ndipo penyani chilungamo pakati pa ana anu: si bwino kuti mnyamata akhale pa kanema masana onse pamene mlongo wache ali pa mtondo ndi ku chitsime, osapuma konse. Nthawi yopuma igawidwe mofanana, monga tigawa ndiwo. Kumbukiraninso kuti nyengo sizifanana. Chimene chiloledwa m'mwezi wa July, nkhokwe zitadzala, sichingaloledwe m'mwezi wa December pamene udzu ulikupikisana ndi chimanga.

Chachitatu, foni isagone ndi mwana. Tulo tosowa usiku tilipiridwa m'kalasi, ndipo mphunzitsi aphunzitsa mitu yoodzera. Ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere.

Chachinai, dziwani chimene mwana asewera. Masewera ambiri alembedwa nambala ya zaka zoyenera, monga 3, 7, 12, 16 kapena 18. Imeneyo sinalembedwe chabe, pakuti ena ali ndi kuphana ndi zolaula zosayenera ana. Khalani pambali pache tsiku lina, mumfunse akulongosolereni, ndipo muone ngati alankhula ndi anthu achilendo pa intaneti. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni ikhale ya inu nokha.

Chotsiriza chikhudza ife akuru. Atate amene akhala chete pa foni yao pamene banja lilikudya, osamva funso la mkazi wao kapena nkhani ya mwana wao, alibe mau pa tsiku limene adzafuna kudzudzula. Mwana aona msanga kuti lamulo limanga iye yekha.

Kodi tsono masewera a pa kanema ayenera nthawi yathu yopuma? Tiyankha kuti inde, ngati munthu aimirira pa nthawi imene anapangana, ngati sanadye ndalama ya banja kapena tulo tache, ndipo ngati abwerera ku ntchito ndi kwa abale ache ali wopepuka mtima. Koma akaimirira ali waukali, maso ofiira, nabisa foni pakumva mapazi a amai ache, pamenepo sanapume konse, ndipo ndi udindo wa makolo kumthandiza msanga, mwachikondi ndi mosagwedezeka, pakuti kuongola mtengo mpoyamba. Mwezi uno, banja liri lonse likhale pansi madzulo amodzi, ana ali pomwepo, lipangane maola ache osewera. Ndipo pangano limenelo lisungidwe ndi onse, kuyambira atate.