Maliro a Bwana Mawa

Pa Chembe pano mukafunsa za Bwana Mawa, ana a masiku ano angokuyang'anani kukamwa yasa. Koma kafunseni amayi amene amatsuka mbale kunyanja m'mamawa, muona akuponya chinkhupule pansi n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Bwana Mawayo ndidali ine. Denga likudontha? Mawa. Mpanda wagwa, mbuzi zikunyambita ufa pamphasa? Mawa. Mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu? Mawa, mawa ndithu, inu musade nkhawa. Dzinali ndidalivutikira, ndipo pa zaka zonsezo palibenso china chimene ndidavutikira.

Ofesi yanga idali pansi pa mtengo wina m'mphepete mwa nyanja, pamalo poti ukakhala umaona chilumba cha Thumbi kutsogolo, Domwe chakumanja, bawo pakati pa miyendo. Ndinkafika nthawi imene asodzi akukocheza, iwo maso ali psuu ndi tulo, ine nditasamba n'kudzola. Kwathu kuno munthu akathandiza kukokera boti kumtunda amapatsidwa kandiwo. Ine ndidapeza kuti mwambowu sunena kuti ukoke ndi mphamvu zingati. Ndinkangoika chikhatho paboti, n'kumabuula mokweza kuposa onse, usipa wodzaza manja awiri n'kulowa m'jumbo. Pamwamba pake ndinkawonjezera malangizo aulere: "Mukadazungulira kuseri kwa Domwe, bwenzi boti litadzaza." Munthu woti chikwatire sadagwirepo nkhafi!

Wina akandifunsa ntchito ndinkati ndimaperekeza alendo, ndipo bodza lenileni silidali. Mbiri ya malo ano ndinkaidziwa ngati Atate Wathu. Ndinkawauza azungu kuti dzina la Cape Maclear adapereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Ndinkawauza za amishoni a ku Scotland, a Robert Laws ndi anzawo, amene adafika mu 1875 pa sitima ya Ilala, sitima imene adachita kuiphwasula zidutswazidutswa, anthu mazanamazana n'kuisenza pamutu kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Pamenepa mpamene ndinkafikapo bwino: ndinkawerama, kukhwinyata nkhope, kusonyeza mmene chitsulo chimalemerera pakhosi. Thukuta la anthu ena ndinkalifotokoza mogwira mtima. Tikafika kumanda a amishoni aja ndinkatsitsa mawu, n'kunena za malungo amene adawathamangitsira ku Bandawe mu 1881 atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Za paki yathu yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuilemba m'kaundula wake mu 1984 chifukwa cha timbuna tamawangamawanga, zinkangotuluka zokha m'kamwa. Koma mlendo akangoti tikwere phiri tikaone nyanja tili pamwamba, bondo langa linkayamba kuwawa nthawi yomweyo, ndipo ndinkamupezera mnyamata.

Nanga pakhomo tinkadya chiyani? Tinkadya manja a mayi a kunyumba, amene ankagula usipa padoko, kuufutsa, kuuyanika pathandala n'kugulitsa kwa ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Limbe. Tinkadyanso alamu anga, mchimwene wawo wa mayiwa, amene ankatumiza kangachepe kuchokera ku Joni. Ine ndidali mkamwini pamudzi wa eni. Apongozi sankandinena pamaso, mwambo sulola, koma akamasesa pabwalo ankayankhula ndi nkhuku mokweza ndithu: "Inu ndiye bola, mumaikira mazira."

Tsiku lina mayi a kunyumba adandifunsa mwaulemu wonse ngati ndimazidziwa nkhwazi za pa Thumbi. Ndidati ndingalephere bwanji, si ndimapita nawo alendo kukaziona? Woperekeza amaimba likhweru, kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika mumtengo mwaufumu, kuitola, makamera ali thethethe. "Eya, zomwezo," adatero. "Mbalame yokongola, mawu okoma, zikhadabo zonse zilipo. Koma ikudikira likhweru." Ine ndidaseka nawo. Zidanditengera masiku atatu kuti ndizindikire kuti nkhaniyo sidali ya mbalame.

Likhwerulo lidaleka mu 2020. Matenda a korona atavuta, ndege zidasiya kutera mu Epulo, malo ogona alendo adangoti zii, mabwato a alendo ali gadaa pamchenga. Ku Joni nakonso adatsekera anthu m'nyumba, ntchito zidatha, ndipo alamu anga adabwera pa mabasi aja ankalowera pa Mwanza, atanyamula chikwama chimodzi ndi bulangete. Mipopi yanga iwiri idauma mwezi umodzi. Ine osatekeseka. Ndidati zinthu zikhala bwino, tingoona mawa.

Madzulo ena ndidabwera kuchokera ku ofesi njala itandigwira zolimba. Mayi a kunyumba adagwada, kundisambitsa m'manja, kundiikira mbale ziwiri zovundikira bwinobwino. Ndidavundukula yoyamba: nsima yotentha, yoyera mbee. Ndidavundukula yachiwiri. Njere za bawo. Zotsukidwa, zothiridwa kamchere, pambali pake kagawo ka tomato.

"Bambo, idyani," adatero, nkhope ili phee. "N'zimene mwakolola chaka chino."

Kuseri kwa mpanda ndidamva apongozi akutsokomola chifuwa chimene sichidali chifuwa. Pofika m'mawa nkhani idali itafika kumsika, kuchigayo, mpaka ku Monkey Bay idakwera matola. Ana ankandilonjera panjira: "Bwana Mawa, ndiwo zinapsa?"

Ndidayesa khomo lomaliza lothawira. Ndidati ine si waulesi, ndimadwala, thupi limangokhala lofooka. Adanditengera kuchipatala cha m'mudzi muno, chija adatsegula mayi wa ku Ireland, Mags Riordan, mu 2004 pokumbukira mwana wake Billy amene adamira m'nyanja yomweyi mu 1999. Ndipo taonani, adandipezadi ndi likodzo. Ndidatuluka ndikunyada ngati ndapambana mlandu. Pano ndinene mosaseka: kuno timasamba, kuchapa ndi kusewera m'madzi momwe muli nkhono zofalitsa matendawa, ndipo likodzo limamwa munthu magazi ndi mphamvu mwakachetechete. Alipo ena timawatcha alesi pamene akufunika mapilitsi chabe. Tsoka langa lidali loti mapilitsiwo, a praziquantel, amagwira ntchito. Patangopita milungu yochepa thupi lidapepuka, ndipo zidaoneka poyera kuti likodzo lidali ndi gawo lake laling'ono, gawo lalikulu lidali langalanga.

Alamu anga adali atalowa kale m'gulu la alovi a chilimira cha malume awo. Tsiku lina dzuwa likupendeka adaima pakhomo, nkhafi paphewa.

"Alamu, tiyeni. Kwaperewera munthu mmodzi."

"Alamu, lero ndiye mwandipeza pena. Bwanji ma..."

"Mukangomaliza liwu limenelo, ndikukanena kwa achemwali kuti atenthetse ndiwo zija."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndidanyamuka.

Usiku woyambawo sindidzauiwala. Nyali zija timaziona tili kumtunda, zondandana ngati tauni yoyandama, zimakoma ukamaziona uli pampando. Ukakhala pakati pake ndi nkhani ina. Tisanafike n'komwe pamalo oponyera, nsima yonse ya masana ndidali nditagawira nsomba. Adandipatsa ntchito ya mwana, yokapa madzi m'boti ndi chigubu chodula, ndipo ngakhale imeneyo ndinkaigwira ndikulira mayi wanga. Kenaka siginala, amene amakhala yekha pabwato ndi nyali kuitana usipa, adapereka chizindikiro. Ukonde udaponyedwa mozungulira, ndipo wina adandiika chingwe m'manja. Chingwe cha chilimira sichidziwa kuti unali ndi likodzo. Ukafooka mbali yako, ukonde umapendekeka, usipa n'kuthawira pomwepo, anthu asanu ndi anayi n'kukutembenukira ndi mawu amene sindingalembe muno. Ndidakoka. Matuza adatuluka, kuphulika, kutulukanso. Ukonde utafika pafupi, madzi adayamba kuwira ngati mphika, siliva yekhayekha akuthwanima pansi pa nyali, ndipo ndidamva munthu akukuwa ngati wamisala. Adali ine.

Kutacha, atachotsa ndalama ya mafuta, mwini zida n'kutenga gawo lake, yotsalayo tidagawana. Yanga idali yochepa, kuphatikizapo ndiwo m'kabeseni. Kuchokera padoko kufika kwathu ndi mtunda woti mwana amathamanga osapuma, koma tsiku limenelo ndidadzera kumsika, kudzera kuchigayo, kudzeranso pa ofesi yanga yakale, kabeseni pamutu, manja otupa ndikuwaonetsa ngati mendulo. Apongozi adandiona ndikulowa. Adatembenukira nkhuku zawo n'kunena kuti, "Kodi kunja kuno kugwa mvula ya matalala?"

Musaganize kuti Bwana Mawa adafa usiku umodzi. Munthu ameneyu ndi wa moyo wa mphaka. Usipa umatsata kuwala, choncho mwezi ukakhala wathunthu kumwamba nyali zathu zimasanduka zoseweretsa, ndipo kwa masiku angapo maboti amagona pamchenga. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumabweranso mwera, nyanja n'kukwiya, wanzeru osayerekeza kulowamo. Masiku oterewa mpamene mtengo uja unkandiitana ndi dzina. Mwezi woyamba ndidapita kukangowapatsa moni anzanga. Moniyo adatha masiku asanu ndi limodzi, ndipo mdima utabwerera adachita kundizula ngati chinangwa.

Ndiye tidakhala pansi ndi mayi a kunyumba n'kutchera misampha. Nsapato zanga za kutchalitchi, chuma chokhacho chimene ndidalowa nacho m'banja, zidapita kwa alamu ngati chikole: ndikajomba kopanda chifukwa, agulitse. Ntchito za masiku a mwezi tinkazitchula usiku, imodzi yokha patsiku, yoti ithe dzuwa lisanafike pamutu: lero kusoka ukonde, lero bango la thandala, lero mbali imodzi ya mpanda. Ndalama ikangobwera inkapita ku banki m'khonde ya amayi isanagone m'thumba mwanga, chifukwa thumba langa ndi njira ya ku kachasu zidali pachibale. Msampha woopsa kuposa yonse udali chitini. Aliyense wondimva ndikunena liwu lija pakhomo, ndinkaponya kandalama m'chitinimo, ndipo apolisi ake adali ana anga omwe. Kamtsikana kanga kachisamba kadafika pochenjera nako. "Ababa, lero ndi Lolemba eti? Nanga Lachiwiri ndi liti?" Chitini chimenecho chidagula malata awiri.

Ndimamva pa wailesi anthu ophunzira akulangiza kuti munthu adzilimbitse mtima, akhale ndi masomphenya. Mwina kwa ena zimatheka. Ine masomphenya ndidali nawo ochuluka pansi pa mtengo paja, ena a nyumba yosanja. Chimene chidandidzutsa ndi kudziwa kuti ndikapanda kufika, chingwe china chikhala chopanda manja ndipo mabanja asanu ndi anayi andidziwa dzina. Ngakhale mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mafuta a injini n'kuyamba kudya gawo lathu tisanaligwire, mtima unkati bwerera kumthunzi, koma alamu ankafikabe pakhomo nthawi yomweyo, nkhafi paphewa, osafunsa maganizo anga.

Tsono imvani pamene Mulungu adasekera. Siginala wathu atakalamba maso, padafunika wina. Ntchito imeneyi imafuna munthu wokhoza kukhala pabwato maola ndi maola osagwedezeka, osayankhula, maso ali pamadzi, kuwerenga mmene usipa ukusonkhanirana pansi pa mababu, amene masiku ano ndi a batire osati a palafini ngati kale. Anyamata amphamvu adayesa, koma matako ankawayabwa, ankaitanitsa ukonde nsomba zisanakhwime. Adandiyesa ine. Abale anga, kukhala phee pamalo amodzi ndikuyang'ana zinthu zing'onozing'ono zikuyenda, ndidakuphunzira zaka khumi ndi ziwiri pa bawo! Lero ndine siginala, gawo langa ndi lokulirapo, ndipo akandifunsa kumene ndidaphunzira ndimati ndidapita kukozi yaitali.

Bwerani mudzaone pakhomo pano. Denga ndi lamalata, mvula ikamagwa timagona osasuntha mphasa. Mathandala a mayi a kunyumba alipo atatu, onse omanga ine. Mimba ija idaphwa, mapewa adatambasuka, nsapato za kutchalitchi zidabwerera kwawo. Alendo adayambanso kubwera, ndipo masiku a mwezi ndimawaperekeza mpaka pamwamba pa phiri, ine patsogolo, iwo akupempha kupuma. Tikapita ku Thumbi ndimaimba likhweru, nkhwazi n'kutsika, ndipo ndikamaiponyera nsomba ndimainong'oneza kuti, "Achimwene, ndikukudziwani." Bawo ndimasewera Lamulungu masana pokha, ndipo ndimawadyabe onse. Apongozi adasiya kucheza ndi nkhuku. Tsiku lina adatuma mdzukulu kudzandipatsa mutu wa kampango, ati ndi wa bambo a pakhomo.

Mwezi wathawu kudabwera mphwanga, mwana wa mlongo wanga, kudzakhala nafe atalemba mayeso a Fomu 4. Mnyamata wabwino, waulemu, wodziwa nkhani za mpira wa ku England kuposa eni ake. Dzulo dzuwa lidafika pamutu iye akadali chigonere, foni pachifuwa. Nditamuuza kuti akandithandize kunyamula batire, adayasamula n'kunena kuti, "Amalume, bwanji mawa?"

Mayi a kunyumba adaleka kupeta mpunga. Adandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana.

"Bambo," adatero chapansipansi, "njere zija mudasunga pati?"