Kanyali Kodina: Sankhani Zipangizo Musanalumikize

Anzanga, kwathu kulibe magetsi, ndiye nkhuku zikalira usiku mayi amandituma kukaona kukhola mumdima. N'chifukwa chake ndinaganiza zopanga kanyali koyaka ukadina batani. Tsiku loyamba ndinachotsa LED m'tochi yakufa n'kuilumikiza ku batire ya sola ya amalume ya mavolti 12. Inangothwanima kamodzi, basi yapsa! Aphunzitsi athu a Fizikisi ndi amene anandiuza pamene ndinalakwitsa.

Pamafunika zinthu zinayi: mabatire, LED, resistor ndi batani, kuphatikizapo timawaya.

LED yoyera imafuna mavolti pafupifupi 3, yofiira pafupifupi 2. Tima LED tating'onoti sitifuna mphamvu yoposa 0.02 A. Ili ndi miyendo iwiri, ndipo wautali umapita ku +. Mukatembenuza siyaka, koma musathamangire kuitaya, ingoitembenuzani.

Ine ndinasankha mabatire atatu a mutochi, iliyonse ya mavolti 1.5. Mukawasanja motsatizana amapereka 4.5.

Resistor ndi imene imachepetsa mphamvu kuti LED isapse, ndipo ndi yomwe ndinaiwala ija. Masamu ake ndi a Ohm's Law: chotsani mavolti a LED pa mavolti a mabatire, kenako gawani ndi 0.02. Kwa ine, 4.5 kuchotsa 3 ndi 1.5, ndipo 1.5 kugawa ndi 0.02 ndi ma ohm 75. Ndinatenga ya 100, chifukwa yokulirapo imangochepetsako kuwala pamene yocheperapo ikhoza kuwotcha LED. Mizere yake ndi bulawuni, wakuda, bulawuni. Pa batire ya amalume ija pankafunika 450, ndiye yoyenera inali ya 470.

Batani ndinalichotsa pa wailesi yakale kwa bambo wina wokonza mawailesi kumsika. Lili ndi miyendo inayi, koma iwiriiwiri ndi yolumikizana kale mkati. Mukasankha miyendo yolumikizana kale, nyali imangoyaka osadina. Gwiritsani ntchito miyendo yoyang'anana mopingasa, simulakwa.

Kalumikizidwe kake ndi mzere umodzi: kuchoka ku + kupita ku batani, ku resistor, ku mwendo wautali wa LED, ndipo mwendo waufupi kubwerera ku –.

Koma dziwani kuti batani lotere limayatsa pokhapokha mwadina. N'labwino popita kukhola chifukwa simungaiwale nyali ikuyaka n'kutha mabatire. Powerengera, chala chingatope, ndiye pezani switchi. Ndipo chonde, musayesere pa magetsi a m'nyumba a mavolti 230, amapha amenewo.

Kanga ndinakaika m'kabotolo ka pulasitiki. Amene akufuna kukaona andipeze ku Fomu 2 nthawi ya buleki.