Mpira wa trackball ungathe kulowa m'malo mwa kagudumu ka mausi

Anthu ena amene dzanja limawapweteka chifukwa chokhalitsa pa kompyuta amasiya mausi wamba n'kugula trackball. Kachipangizoka sikayendayenda patebulo. Kali ndi mpira pamwamba, ndipo zala ndizo zimauzunguza kuti kamuvi kayende pa sikirini.

Koma mitundu ina, monga Logitech Trackman Marble, ilibe kagudumu kokwezera ndi kutsitsira tsamba. Amene akuwerenga chikalata chachitali amangokhalira kukoka kamzere ka m'mphepete mwa sikirini, ndipo dzanja limene amafuna kulipumitsa lija limayambanso kuwawa.

Kugula chipangizo china n'kosafunika. Kompyuta ingathe kuuzidwa kuti batani limodzi likapanikizidwa, kuzungulira kwa mpira kuziyendetsa tsamba, osati kamuvi. Mukalisiya batanilo, mpira umabwerera pa ntchito yake yakale.

Pa Linux, ntchitoyi imagwiridwa ndi pulogalamu ya libinput. Marble ili ndi mabatani anayi, awiri aakulu ndi awiri aang'ono, ndipo aang'onowo kompyuta imawadziwa ndi manambala 8 ndi 9. Amene amagwiritsa ntchito X11 amatsegula njirayi kudzera mu xinput, posintha "libinput Scroll Method Enabled" kukhala 0 0 1, kenako "libinput Button Scrolling Button" kukhala 8. Chenjezo ndi lakuti zosinthazi zimafufutika kompyuta ikazimitsidwa, pokhapokha zitalembedwa m'fayilo ya mu /etc/X11/xorg.conf.d. Pa Wayland xinput sithandiza. A GNOME amasintha scroll-wheel-emulation-button kudzera mu gsettings.

Batani losankhidwalo silitayika. Mukalidina osagwedeza mpira, limagwirabe ntchito yake yobwezera tsamba m'mbuyo. Chofunika kuganizira bwino ndi chala chimene chizilipanikiza. Kwa wogwiritsa dzanja lamanja, batani 8 lili kumanzere, pafupi ndi chala chachikulu, choncho chamkombaphala ndi chapakati zimatsala zomasuka pa mpira. Wamanzere angachite bwino kusankha 9.

Kunena zoona, mpira umaposa kagudumu pa ntchitoyi. Kagudumu wamba kamayenda modumphadumpha, m'mwamba ndi m'munsi basi, pamene mpira umayenda mosalala ndiponso cham'mbali. Owerengera ndalama amene amalimbana ndi matebulo otambalala a spreadsheet ndiwo amapindula kwambiri, ngakhale kuti masiku oyambirira tsamba limathawa msanga chala chisanazolowere.