Chifuwa cha TB m'khola la mbuzi ndi zimene lamulo lifuna kwa mlimi

Alimi ambiri akamva za chifuwa cha TB pa ziweto, maganizo awo amathamangira ku ng'ombe. Komatu inu amene munaphunzira pano, ambiri mwa inu mulibe ng'ombe. M'mapuloti a ku Roma, ku Chelstone ndi cha ku Chongwe mukuweta mbuzi, nkhosa ndi nkhuku, ndipo lamulo likukhudzani inunso.

Kachilombo kake, kotchedwa Mycobacterium bovis, sikasankha khola. Kamalowa mbuzi, nkhosa, nkhumba, nyama zakutchire ndi munthu yemwe. Umboni wake tili nawo kufupi: ku madambo a Kafue, ku Lochinvar imene kale inali famu ya ng'ombe, nyama za lechwe zakhala zikudwala TB kwa zaka zambiri, ndipo zimadya msipu umodzi ndi kumwa madzi amodzi ndi ziweto za anthu. Tsono kumbukirani kuti mbuzi zambiri zofika pa msika wa Chibolya zimachokera ku chigawo cha Kum'mwera.

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Animal Health Act, nambala 27 ya chaka cha 2010, limene linalowa m'malo mwa Stock Diseases Act ya 1961. Silinena za ng'ombe zokha ayi, linena za ziweto. Limapatsa madokotala a ziweto a Boma mphamvu yolowa pa famu, kupima ziweto, kutseka khola kuti chiweto chisatuluke kapena kulowa, ngakhale kulamula kuti chodwalacho chiphedwe. Mwini ziweto naye ali ndi udindo wake. Akakayikira kuti pagwa nthenda yopatsirana, apatule chodwalacho ndi kukauza ofesi ya za ziweto ya m'boma lake msanga. Kusamutsa ziweto kuchoka ku boma lina kupita ku lina kumafuna chilolezo cholembedwa.

Apa ndipo ambiri amapunthwa. Mbuzi ikayamba kuwonda ndi kutsokomola, mwini wake amaithamangitsira ku msika isanafe, kapena kuiphera kuseri kwa nyumba ndi kugulitsa nyama kwa anansi. Tikudziwa kuti ndalama ya mbuzi imodzi ingathandize pa lendi kapena pa zofunika za mwana kusukulu, koma kumeneku ndi kusamutsira nthenda m'khola ndi m'mbale ya mnzako. Nyama yogulitsa iyenera kuonedwa ndi woyang'anira nyama, monga afunira malamulo a zaumoyo wa anthu. Iye amacheka mapapu, chiwindi ndi anabere a pachifuwa ndi pakhosi, kufunafuna timatuza tachikasu tokhala ngati chambiko chouma.

Maso okha sakwanira. Mbuzi ingakhale ndi TB kwa miyezi ikuoneka yonenepa, ndiponso zotupa za m'khosi mwa mbuzi nthawi zambiri zimachokera ku nthenda ina. Dokotala amabaya mankhwala a tuberculin m'chikopa, nabwera patapita maola 72 kudzaona ngati patupa. Zotengedwa m'thupi la chiweto chakufa zingapimidwe ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral, kapena ku sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa yunivesite ya Zambia, pafupi pomwepa ndi Roma. Chiweto chopezeka nayo sichipatsidwa mankhwala, chifukwa mankhwalawo atenga miyezi yambiri chiweto chikufalitsabe nthenda. Ngakhale mwa munthu kachilomboka nkovuta, pakuti sikamva pyrazinamide, mmodzi mwa mankhwala anayi oyambira kuchiza TB.

Ife pano sitiweta nkhumba, koma anansi anu amaweta, ndipo nkhumba zimatenga TB podya mkaka wosaphitsa, zotsala za pophera nyama, kapena zitosi za nkhuku zodwala. Nkhuku zili ndi TB yakeyake. Imaoneka pa misoti yokalamba ndi mathadzi akale: chidali chimauma, mwendo umatsimphina, chiwindi chimachita mawanga oyera. Yotere musaidye ndipo musaiponyere galu kapena nkhumba. Itenthedwe kapena ikwiriridwe mozama.

Mbuzi yatsopano ikafika, ikhale payokha masiku osachepera 30, ndi chomwera chakechake, ndipo chilolezo chimene inabwera nacho musunge. Mkaka wa mbuzi, ngakhale wa yooneka yathanzi, uyambe wawira ana asanamwe.